Dzina la Munthu m'Makina a Kompyuta

Mlendo amene wafika pa Boma pa Mzimba m'mawa wa tsiku la ntchito amaona mizere ya anthu pamalo angapo. Mzere wina uli pa ofesi ya ziphaso za unzika, wina pakhomo la banki, wina pa kanyumba kolandirirapo ndalama za palamya, ndipo mvula ikayandikira, mzere wautali koposa umakhala kumene kukugulitsidwa fetereza wotsika mtengo. Anthuwo alawira kuchokera kutali: ena ku Manyamula, ena ku Embangweni ndi ku Edingeni, ena akwera matola kuchokera ku Luwerezi ndi kwa Khosolo. Zimene adzera n'zosiyana, koma kumapeto kwa mzere uliwonse kuli funso limodzimodzi: kodi dzina la munthuyu liri m'makina? Likapezeka, athandizidwa. Likapanda kupezeka, mlembi amangotambasula manja nati, "Makina akukana." Nkhani ya lero iri pa mawu awiri amenewa. Kodi makina angathe kukana munthu? Nanga munthuyo akabwerera kwawo chimanjamanja, mlandu uli pa yani?

Kulembedwa m'kaundula si chinthu chachilendo kwa anthu a m'boma la Mzimba. Mishoni ya Loudon ku Embangweni, imene Donald Fraser adaikhazikitsa m'chaka cha 1902, idali ndi mabuku ake a ubatizo, a sukulu ndi a maukwati. Dziko la Angoni a Inkosi M'mbelwa litalowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi m'chaka cha 1904, msonkho udatsatira, ndipo msonkhowo udadza ndi kaundula wa mudzi ndi chitupa. Pofuna ndalama, amuna ambiri adatsikira ku Halale ndi ku Joni. Amene ankapita kumigodi kudzera ku Wenela ankadinda chala papepala la pangano nalandira nambala, ndipo kumgodiko nambalayo inkadziwika koposa dzina limene munthu adapatsidwa ndi makolo ake. Ulendo wa Wenela udaimitsidwa m'chaka cha 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha anthu a dziko lino oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Udayambiranso pansi pa dzina la Theba, kenaka udatheratu m'chaka cha 1988. Koma madoda amene adagwira ntchito kumigodiko, kapena akazi awo amasiye, poyendera ndalama zimene zidatsalira kumeneko, chinthu choyamba chimene akhala akufunsidwa ndicho nambala ija. Amene adataya kapepala kake adataya nako umboni wa thukuta lake.

Buku la pepala lidali ndi zovuta zake. Chiswe chinkalidya, moto unkalitentha, ndipo mlembi wosasamala ankatha kuliika pamene iye mwini sakadalipezanso. Koma buku linkakhala malo amodzi. Cholakwa cholembedwa ku Mzimba chinkathera ku Mzimba komweko, ndipo mfumu ikafika ndi munthu wake kudzachitira umboni, mlembi ankadula mzere ndi cholembera nakonza. Kaundula wa m'makina a kompyuta ndi wamtundu wina. Amasungidwa pamodzi, koma amawerengedwa ndi maofesi ambirimbiri nthawi imodzi, kuyambira ku Chitipa kufikira ku Nsanje. Chimene chalembedwa molondola chimathandiza mwini wake paliponse. Chimene chalembedwa molakwa chimamtsata paliponse. Ndiponso wakuba buku amasiya malo ake ali pululu, aliyense naona kuti labedwa. Koma wakuba za m'makina amakopera maina zikwizikwi m'kamphindi, kaundula natsala ali chikhalire ngati palibe chimene chachitika.

Kaundula wamkulu wa mtundu umenewu adalembedwa m'chaka cha 2017. Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira wa Novembala, bungwe la kalembera la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi bungwe la UNDP ndi maiko ena, lidatumiza alembi m'sukulu ndi m'mabwalo a m'midzi atanyamula mabokosi okhala ndi kompyuta, kamera, kachipangizo kojambula zala, ndi sola yopatsa magetsi. Anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kuposapo adalembedwa. Amene adalibe pepala lirilonse ankadalira umboni wa mfumu yake kapena wa anthu a m'mudzi mwake, ndipo umboniwu udali wofunika koposa m'madera a m'malire monga ku Jenda ndi ku Mqocha, kumene banja limodzi liri ndi abale mbali ino ndi ku Lundazi m'dziko la Zambia. Chotero ngakhale kaundulayu ali m'makina, maziko ake ndi mawu a anthu: chimene mwini dzina adanena, chimene mfumu idavomereza, ndi chimene zala za mlembi zidatayipa.

Posakhalitsa chiphaso cha unzika chidasanduka kiyi wa zitseko zambiri. M'chaka cha 2018 bungwe la MACRA lidalamula kuti nambala iriyonse ya lamya ya m'manja ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Kalembera wa zisankho za 2019, ndiponso wa za 2025, adadalira chiphaso chomwecho. Mabanki adayamba kuchifuna, a mapasipoti chimodzimodzi. Ubwino wake ndi woonekeratu. Mayi wa ku Champhira amene sadakhalepo ndi pepala la Boma lokhala ndi nkhope yake angathe tsopano kutsegula buku kubanki ndi kulandira yekha ndalama za mwana wake wa ku Joni, popanda kupempha mlamu wake kuti akamlandirire. Maina a mizukwa, amene anthu osakhulupirika ankadyerapo, adayamba kuvuta kuwabisa. Zimenezi n'zoyamikika, ndipo palibe amene angafune kubwerera kumasiku a chiswe. Koma kiyi wotsegula zitseko zonse akathyoka, zitseko zonsezo zimatsekeka tsiku limodzi.

Kuthyoka kwake kumayamba ndi tinthu tating'ono. Ku Mzimba mkazi amadziwika m'mudzi ndi chiwongo cha atate ake, NyaJere kapena NyaTembo. Kutchalitchi adalembedwa ndi dzina la ubatizo. Kuchipatala ndi la mwamuna wake. Chiwongo chimodzi chomwecho ena amalemba Zgambo, ena Zyambo. Ena Ngulube, ena Nguluwe. Ena Nkosi, ena Nkhosi. Mlembi wobadwira ku Mulanje amalemba monga khutu lake lamvera. Gogo amene akungodziwa kuti adabadwa chaka chimene Dr. Kamuzu Banda adabwerera kumudzi, osadziwa kuti chimenecho ndi 1958, amapatsidwa chaka chongoganizira. Kwa anthu a m'mudzimo maina onsewo ndi a mayi mmodzi. Kwa kompyuta, imene imangoyerekeza lemba ndi lemba, amenewo ndi anthu atatu, ndipo awiri mwa iwo kulibeko. Kukonza lemba limodzi kumalira ulendo wa ku Boma, ndalama ya matola yopita ndi yobwerera, ndi masiku amene akadathera kumunda.

Alimi adaziona zimenezi poyera m'chaka cha 2020, pamene Boma lidayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yotchedwa AIP. Thumba la fetereza la makilogalamu 50 linkagulidwa pa K4,495, ndipo m'malo mwa makuponi a pepala a kale, wogulitsa ankajambula chiphaso cha mlimi ndi lamya, makina natsimikiza. Kumene netiweki idali yofooka, anthu adagona pamisika masiku angapo, fetereza ali m'nyumba, wogulitsa ali pakhomo, ndalama ziri m'manja. Chimanga sichidikira netiweki, ndipo fetereza wothira mochedwa ndiye nkhokwe yosadzaza. Ena pofika kutsogolo kwa mzere adauzidwa kuti makina akusonyeza kuti adagula kale. Ena, njala itawapana, adagulitsa kapena kubwereketsa ziphaso zawo kwa mavenda, ndipo apolisi m'maboma osiyanasiyana adagwira anthu ali ndi mulu wa ziphaso za eni ake. M'zonsezi makina sadabe thumba ndi limodzi lomwe. Adachita chimene adauzidwa ndi dzanja limene lidawagwira.

Boma la Mzimba liri ndi ana ake ambiri ku South Africa, ndipo nyumba zambiri za malata za m'midzi ya kumwera kwa bomali zidamangidwa ndi ndalama za ku Joni. N'chifukwa chake zimene zidachitika kumayambiriro kwa chaka cha 2024 zidakhudza bomali kwambiri. Makina osindikiza mapasipoti adaima. Pa 21 Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti wa nthawiyo, Dr. Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu ena adalowerera makina a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko, ndipo ankafuna dipo kuti awamasule. Adanenanso kuti Boma silipereka dipolo. Ena adatsutsa, nati gwero la vutolo lidali kusamvana ndi kampani imene inkasamala makinawo. Mbali zonse ziwiri zikuphunzitsa chinthu chimodzi: maina ndi zithunzi za nzika zidali m'nkhokwe imene kiyi wake sadali m'manja mwa eni nkhokwe okha. Kwa milungu ingapo mapasipoti sadatuluke, ndipo mnyamata amene adagulitsa ng'ombe ku Jenda nakwera basi kupita ku ofesi ya ku Mzuzu sakadachitira mwina koma kubwerera wopanda kanthu. Pamene njira yovomerezeka yatsekeka, pamakhala ena amene amasankha yachidule, yodutsa malire usiku m'manja mwa anthu osadziwika, imene ambiri aonerapo zoopsa. Vuto loyambira m'makina ku Lilongwe lingathe kukathera m'nkhalango ya ku Mozambique.

Ndalama za ku Joni, zimene kale zinkadza m'kalata kapena m'thumba la mnzake wobwerera kumudzi, masiku ano zimadzera m'makampani monga Mukuru, kapena palamya, popeza Airtel Money idayamba m'chaka cha 2012 ndipo TNM Mpamba m'chaka cha 2013. Achinyengo nawonso adaphunzira njira yomweyo. Lamya imalira, munthu wa mawu aulemu nadzitchula kuti ndi woyendetsa galimoto amene wanyamula katundu wochokera kwa mwana wa ku Joni. Akuti katunduyo wagwidwa pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo pakufunika ndalama za kasitomu msangamsanga. Wina amadzitcha wa ku kampani ya lamya, napempha nambala yachinsinsi ponena kuti akufuna kukonza akaunti. Apolisi adanenapo kuti ena mwa oimba lamya zoterezi ankaziimba ali m'ndende ya Zomba. Womvera angafunse kuti nanga lamulo la 2018 lija silidafune kuti nambala iriyonse ikhale ndi mwini wake? Lidafunadi. Koma nambala zina zidalembetsedwa ndi ziphaso za anthu ena, mwina cha nkhalamba ya kumudzi imene idapereka chiphaso chake kwa wolembetsa, iye nalembetserapo nambala zina mwakachetechete. Wapolisi akalondola nambala yotere amakagogoda pakhomo pa munthu wosalakwa.

Chinyengo chachikulu koposa sichidachitikire pamsika wa kumudzi ayi. M'mwezi wa Sepitembala 2013 zidaululika kuti ku Capital Hill ku Lilongwe anthu ena ogwira ntchito m'Boma ankalowetsa m'makina owerengera ndalama za dziko, otchedwa IFMIS, malipiro a makampani amene sadagulitse kanthu. Macheke ankatuluka, kenaka iwo ankafufuta zolembedwazo. Akatswiri a kampani ya ku Britain ya Baker Tilly adapeza kuti m'miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo kufikira Sepitembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zidapita. Maiko othandiza adaimitsa chithandizo chawo, ndipo ululu wake udafika mpaka m'zipatala ndi m'sukulu za kumidzi. Akale adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo apa amene adapatsidwa manambala olowera m'makina ndiwo adadya za mumkhatemo. Komabe mlandu umenewu udaonetsanso kuti makina amasunga mapazi a wodutsamo. Zimene zidafufutidwa akatswiri adazifukula, ndipo anthu angapo adaweruzidwa napita kundende.

Choopsa china ndicho kukhulupirira kuti makina salakwa. Ku Britain, pakati pa 1999 ndi 2015, oyang'anira mapositi ofesi ang'onoang'ono oposa 900 adaimbidwa milandu chifukwa makina otchedwa Horizon ankasonyeza kuti ndalama zaperewera. Ena adamangidwa, ena adagulitsa nyumba zawo kuti abweze ndalama zimene sadabe. M'chaka cha 2019 bwalo lalikulu la milandu lidapeza kuti makinawo adali ndi zolakwika, ndipo m'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko idachita kupanga lamulo lofafaniza zigamulozo. Ngati zotere zidachitika m'dziko la akatswiri ochuluka, mlembi wa ku Mzimba ali ndi chifukwa chokwanira chotcherera khutu kwa mlimi amene akulumbira kuti sadagule fetereza, ngakhale makina akunena zina.

Palinso nkhani ya chinsinsi. M'zipatala zambiri za maboma, maina a olandira mankhwala otalikitsa moyo amalembedwa m'makompyuta, ndipo zimenezi zimathandiza kuti wodwala asasowe m'mabuku ndi kuti mankhwala aitanitsidwe okwanira. Koma Mzimba ndi tauni yaing'ono imene anthu ake amadziwana. Wotayipa maina kuchipatala amapemphera m'tchalitchi chimodzi ndi wodwalayo. Wa pakanyumba ka ndalama za palamya amadziwa mayi amene mwamuna wake amatumiza mwezi ndi mwezi, amadziwanso amene mwamuna wake adaleka kutumiza. Chimene munthu waona pagalasi la kompyuta chifukwa cha ntchito yake si chake ayi, wangosungitsidwa. Kuchijambula ndi lamya ndi kuchitumiza pa WhatsApp n'kofanana ndi kung'amba kalata ya mwini ndi kuiwerenga pamsika.

Malamulo a dziko lino sadakhale chete pa zimenezi. Ndime 21 ya Malamulo Aakulu a dziko a 1994 imapatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi cha moyo wake, kuphatikizapo makalata ndi lamya. Lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act limanena kuti kulowa m'makina a ena popanda chilolezo, kusintha kapena kufufuta zolembedwamo, ndi kuzunza munthu kudzera pa intaneti ndi milandu. Ndipo m'mwezi wa Juni 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo la Data Protection Act, limene limateteza mbiri ya munthu. Amene akusonkhanitsa maina, zithunzi, zidindo za zala kapena za umoyo wa anthu ayenera kukhala ndi chifukwa chovomerezeka, atenge zokhazo zimene zikufunika pa ntchitoyo, azisunge mosamala, ndipo asazigwiritse ntchito ina yosiyana ndi imene adazitengera. Mwini dzina ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi wolamula kuti cholakwa chikonzedwe. Bungwe la MACRA ndilo lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli ndi kulandira madandaulo.

Komatu lamulo lolembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe silifika lokha kwa Mabulabo. Anthu ambiri a m'boma la Mzimba amalankhula Chitumbuka, ndipo ambiri mwa oima pamzere sadziwa kuti wopempha kuti dzina lake likonzedwe sakupempha chifundo, koma akufuna chimene lamulo lidampatsa kale. Apa mpamene pali ntchito ya mipingo, ya aphunzitsi, ya wailesi, ndi ya mafumu, amene mawu awo m'bomali amalemera kuyambira kwa nyakwawa kufikira ku Edingeni. Mfumu imene idachitira umboni kuti munthu alembedwe iri ndi mphamvu yofunsanso pamene munthuyo wasowa m'kaundula. Mfumu yomweyo siiyenera kusonkhanitsa ziphaso za anthu ake ndi kuzipereka kwa mlendo aliyense wolonjeza chithandizo. Mwini chiphaso nayenso asachibwereketse, ndipo asachisiye chikole kwa wakatapila. Nambala yachinsinsi sauza munthu, ngakhale wodzitcha wa ku kampani. Kholo limene lamva kuti katundu wagwidwa pachipata liyambe laimbira mwana wake lisanatumize ndi tambala yomwe, pakuti safunsa adadya phula.

Koma katundu wolemera koposa ali pa amene akhala kuseri kwa makinawo: wolemba mapulogalamu, mkulu wosaina pangano ndi kampani yakunja, ndi mlembi wa pawindo. Mawu akuti makina akukana ndi osavuta kunena, chifukwa amachotsa wonenayo pamlandu. Kompyuta siidziwa kutalika kwa Luwerezi, siidziwa kuti mvula yagwa kale, ndipo siichita manyazi. Wodziwa zimenezi ndi mlembi. Iye angathe kuyesa kalembedwe kena ka dzinalo, kulemba dandaulo m'buku, ndi kuuza mayiyo tsiku lenileni lobweranso ndi khomo loyenera kugogoda. Ofesi iriyonse yogwiritsa ntchito makina iyenera kukhala ndi njira ina yothandizira munthu tsiku limene makinawo afa. Ndipo mayi wa ku Luwerezi akauzidwanso mawa kuti makina akukana, ayenera kukhala pawindopo kufikira atamva mayankho a mafunso awiri: adalemba molakwa ndani, ndipo akonza ndani?